Telala wa pa Santhe ndi Makobidi a M'kaunjika

Ukawapatsa Che Hamdani chovala cha kaunjika kuti akuchepetsere, sankayamba ndi kukuyeza m'chiuno. Ankayamba ndi kupisa m'matumba. Lakumanja, lakumanzere, lakumbuyo, mpaka kathumba kakang'ono ka mu jinzi kaja kamene palibe amadziwa ntchito yake. Akapeza thumba lobooka nkhope yawo inkawala, chifukwa chimene chinalibowola nthawi zina chinkakhala chikadali momwemo, chitagwera m'kati mwa nsalu. Jekete ankaligwedeza pafupi ndi khutu ngati munthu wofuna kumva ngati dzira ndi lovunda. Ukatopa n'kufunsa kuti tepi yoyezera ili kuti, ankati, “Mimba yanuyo sithawa, dikirani.”

Ine ndine Clara, ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina kufupi ndi pa Santhe. Che Hamdani ndinawadziwa chaka chimene ananditumiza kuno, nditawapititsira siketi yofuna kupinda. Amasoka pakhonde la golosale ya alamu awo, moyang'anana ndi pamene pamaima akabaza. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zochepa zosagwirizana, ndipo kofiya yawo imakhala ndi ulusi womatirira tsiku lililonse kupatula Lachisanu, popita ku mzikiti.

Bambo awo anachokera ku Nkhotakota pa njinga, akugulitsa usipa ndi mchere. Anafika pa Santhe, anakwatira, osabwereranso. Mwanayo sukulu anailekeza Sitandade 5. Atakula pang'ono anakalembedwa pa esiteti ina cha ku Lisasadzi, kusankha fodya m'chigafa. Anakhalako nyengo zitatu, fumbi la fodya n'kuwasiyira chifuwa chimene akadali nacho mpaka lero. Koma chimene chinawachotsa si chifuwacho. Tsiku lina kapitawo anawakalipira kuti akusakaniza masamba, iwo n'kuyankha kuti tsamba la fodya limakhala labwino kapena loipa potengera kuti mwini wake amamwa tiyi ndi ndani. Madzulo ake anali pa msewu ndi kachikwama kawo. Amalume awo, amene anali telala, anawakhazika pa makina n'kuwauza kuti ntchito imeneyi ndi yabwino kwa munthu wa pakamwa, chifukwa phokoso la makina limabisa theka la zimene ukunena.

Silinabise kanthu.

Khobidi loyamba analipeza zaka zimene kaunjika anayamba kuchuluka m'misika. Linali m'thalauzi la munthu wina wamtali kwambiri amene sadzamudziwa. Linali lobooka pakati, ndipo poyamba ankaganiza kuti ndi kachitsulo kogwa pa njinga. Atalipukuta anaonapo zisoti zachifumu ndi timitima ting'onoting'ono. Analitengera kunyumba n'kukawaonetsa akazi awo, mayi Zuleka, amene ankakazinga samusa zogulitsa.

“Mayi a Maimuna, taonani. Pali boma lina kunja kuno limene linaba chitsulo cha pakati pa ndalama yake yomwe, kenako n'kujambulapo mitima kuti anthu asakwiye.”

“Chingagule chiyani?” anafunsa mayi Zuleka, osacheuka.

“Sichingagule kanthu.”

“Ndiye chisokereni pa malaya, ndi batani limenelo.”

Sanalisokere. Analiponya m'chitini chakale cha mabisiketi, ndipo chitinicho chinayamba kulemera chaka ndi chaka. Azimayi ogulitsa kaunjika atamva, anayamba kuwasungira zimene ankapeza potsegula belo. Madalaivala a malole opita ku Joni ndi ku Beira ankawasiyira zotsala m'matumba. Mayina a mayiko ankawerenga okha pa khobidipo, chilembo ndi chilembo, n'kukawafufuza m'buku la mapu long'ambika limene mphunzitsi wina anawasiyira posamuka. Munthu amene sanapitirirepo Lilongwe anayamba kudziwa mayiko onse, ndipo ambiri mwa iwo sankawapatsa ulemu.

Tsiku la msika khondelo linkadzaza. Alimi odikira kuti mabuluku awo athe ankakhala pa benchi, iwo akupalasa makina ndi phazi, dzanja lina likutulutsa khobidi m'chitini.

“Ichi ndi cha ku Jeremani. Akuti chiwombankhanga. Taonani bwino. Si nkhuku yopondedwa ndi lole iyi?”

Khobidilo linkayenda m'manja mwa anthu, aliyense n'kuvomereza kuti zoonadi, yafanana ndi imene inapondedwa pa mphambano sabata yatha.

Anali ndi la ku Rasha lokhala ndi mbalame ya mitu iwiri, ndipo ankati amenewo ndi anthu oona mtima, chifukwa boma lililonse limayang'ana uku likulankhula uko, kungoti ena amabisa mutu winawo. La ku Ositireliya linali ndi kanyama ka mlomo wa bakha, thupi la katumbu, ndipo ankakana kuti kanyama kotero kaliko. Ankati wojambulayo anauzidwa kuti ajambule bakha, atafika pakati bwana wake n'kusintha maganizo. La ku Dubai linali ndi ketulo. Limeneli ankalikonda. “Dziko la Asilamu anzanga,” ankatero, “lili ndi mafuta, lili ndi ndege, koma atafunsidwa kuti chofunika kwambiri kwanu n'chiyani, anati tiyi.” Wina atawauza kuti ketuloyo ndi ya khofi, anati zimenezo ndi zawo za kumeneko.

Koma limene linkaseketsa anthu kwambiri linali la ku Botswana, lokhala ndi mbozi, yofanana ndendende ndi matondo amene azimayi amatola cha ku paki ya nyama zakutchire mvula ikayamba. Ankaliika pachikhatho mwaulemu.

“Awa ndiye akuluakulu. Anzawo onse akuthamangira mkango, mkango, ngati kuti pali amene anadyapo mkango. Iwo anangoti, ife ndiwo zathu ndi izi.”

Mavuto anabwera ndi a Levison, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, mnzawo wa Che Hamdani wa zaka zambiri ngakhale kuti sankagwirizana pa chilichonse. Chaka chimenecho fodya wawo anayenda bwino ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, ndipo mwana wawo wamkazi ankakwatiwa. Anagula jekete la kaunjika lakuda, lolemera, la mabatani awiri mbali iyi awiri mbali iyo, n'kubwera nalo kuti alifupikitse manja. Che Hamdani analigwedeza pa khutu. Munalira kanthu. Anasomola ulusi pang'ono m'munsi, khobidi n'kugwera pa makina: loyera pakati, lachikasu m'mbali. Analitembenuza, ndipo pa khobidipo panali kadzidzi, maso ali tong'o.

A Levison anaimirira, benchi n'kugwa.

“Wandichita ndani?”

“Palibe wakuchitani. Ndi ndalama iyi.”

“Ndalama ya kadzidzi? M'jekete limene ndikaperekere mwana wanga? Atelala, musandipusitse. Ndi achimwene anga aja. Chiyambire nkhani ya dimba sandipatsa moni wabwino.”

“Achimwene anu angasule chitsulo chotere? Munthu amene khasu lake lomwe limaguluka tsiku lililonse? Kadzidzi ameneyu wawoloka nyanja, wakhala m'belo miyezi ingapo atapanikizidwa ndi masokosi a azungu. Akadakhala wamankhwala bwenzi atayamba ndi mayi wa kaunjika uja.”

A Levison sanamve. Analisiya jeketelo pomwepo, nati aliotche kapena alitaye, iwo salikhudzanso. Pa tsiku la ukwati anavala jekete lawo lakale lotuwa m'mapewa. Anthu ali m'kati mofupa, anangoona Che Hamdani akulowa, atavala jekete lakuda lija, manja atalifupikitsa mwa muyeso wawo, akuvina pang'onopang'ono kuti aliyense alione. Azimayi anaimba nthungululu. Wina wa kuchimuna anafunsa mokweza ngati amenewo ndiwo bambo a mkwatibwi. Mmawa wake a Levison anafika pakhonde kudzalitenga.

“Tengani,” anatero Che Hamdani. “Kungoti manja akufupikirani tsopano. Kadzidziyo ndatsala naye.”

Mawu amenewo ndi amene anayenda. Pofika Lachitatu, pa chigayo pankamveka kuti telala uja akuweta kadzidzi m'chitini. Pofika Loweruka kadzidziyo anali atayamba kulankhula, ndipo ankadya samusa. Azimayi ena anasiya kubweretsa mayunifolomu a ana. Choipa kwambiri, samusa za mayi Zuleka zinayamba kubwerera kunyumba zili zodzaza beseni. Mayiwo anawauza amuna awo kuti asankhe: chitini chikalowe m'chimbudzi, kapena iwo apite kwawo ku Dwangwa.

Apa ndi pamene anandiitana. Zilembo za pa khobidilo zinali zachilendo, zina ngati mafoloko, ndipo buku lawo la mapu silinathandize. Ndinafufuza pa foni yanga ndili pakhondepo, anthu atandizungulira. Ndinawauza kuti ndi ndalama ya ku Girisi, ndipo kumeneko kadzidzi amamutenga ngati chizindikiro cha nzeru.

“Nzeru?” anatero a Levison, amene anaima patali ndithu, manja a jekete atalekezera m'mwamba mwa wotchi. “Mbalame yogona masana anzake akugwira ntchito?”

“Ndiye nzeruzo,” anayankha Che Hamdani.

Anthu anaseka, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo, poti ndi zovuta kuopa chinthu chimene wachiseka. Samusa zinayambanso kutha. Chitini chinapulumuka, koma mayi Zuleka analamula kuti chizigona ku golosale, osati m'nyumba mwawo.

Ine ndinachokapo ndi ganizo limene pambuyo pake ndinanong'oneza nalo bondo kwa sabata yathunthu. Mu Sitandade 6 timaphunzitsa za zizindikiro za dziko: mbendera, nyimbo ya fuko, ndi chithunzi chija cha mkango ndi kambuku. Chaka chilichonse ndinkajambula pa bolodi, kambuku wanga n'kumaoneka ngati galu wodwala. Ndinawapempha Che Hamdani kuti abwere ndi chitini chawo adzawaonetse ana. Anavomera msanga kwambiri, ndipo pamenepo ndikadayenera kuchenjera.

Ndinawauza aphunzitsi aakulu, a Nelson, ndipo anati palibe vuto. Chimene tonse sitinadziwe n'chakuti tsiku lomwelo kudzabwera bwana wina wochokera ku boma kudzayendera sukulu. Ofesi yake sinditchula. Anali munthu wonenepa, wa kabuku m'manja, wolankhula pang'ono. Atamva kuti m'kalasi mwanga muli mlendo wa m'mudzi, anati zimenezo ndi zimene amalimbikitsa, n'kulowa. A Nelson anamubweretsera mpando, iwo n'kuima pakhomo.

Che Hamdani anayala chitenje pa tebulo langa n'kukhuthula chitini. Ana makumi asanu ndi atatu anakhala chete kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka. Anayamba bwino. Anawaonetsa la ku India la mikango itatu yoyang'ana kosiyana, nati ndi mmene amakhalira anthu a pa banja limodzi maliro akatha. Anawaonetsa la ku Ayalandi lokhala ndi choimbira chonga zeze, la ku Kanada lokhala ndi chinyama chonga khoswe wonenepa chitakhala pa chipika, la ku Tanzania lokhala ndi chipembere. Makobidi ankayenda m'mizere, ana akuwanunkhiza, ena kuwaluma. Bwana uja ankagwedeza mutu n'kumalemba.

Kenako mtsikana wina wa kutsogolo, Tithokoze, amene amafunsa mafunso ngakhale belu litalira, anakweza mkono.

“Agogo, nanga lathu?”

Che Hamdani anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa khobidi la teni kwacha, limene masiku ano ngakhale wogulitsa tomato amalikana.

“Lathu ndi ili. Mukuonapo chiyani?”

“Njovu!”

“Njovu. Ndani pano ali ndi abale cha kufupi ndi paki?”

Manja angapo anakwera.

“Njovu ikabwera m'munda mwa agogo anu, amaimba nyimbo ya fuko?”

Kalasi inaphulika. Mwana wina anafuula kuti kwawo amamenya zitini ndi kufukiza tsabola. Che Hamdani anati amene anasankha njovu ndi munthu wabwino, kungoti chimanga amachionera m'sitolo. Kenako analitembenuza khobidilo.

“Kuno kuli mkango, uku kambuku, agwirizira chishango chimodzi. Aphunzitsi anu akuuzani kuti zikutanthauza umodzi. Ine ndakhala pa msika zaka makumi atatu. Anthu awiri akagwira chinthu chimodzi chonchi, osayang'ana kumbali, ndiye kuti aliyense akuopa kuti akangosiya, mnzakeyo athawa nacho. Ndipo pamwambapa pali nkhwazi, yatambasula mapiko. Imeneyi ikudikira kuti awiriwa ayambane.”

A Nelson anatsokomola pakhomo paja ngati ameza fupa. Ine ndinayang'ana pansi, n'kumaganiza za sukulu za kutali kwambiri, za kumalire ndi Zambia, zimene amatumizako aphunzitsi olakwa. Bwana uja anasiya kulemba.

“Bambo,” anatero, mawu ali pansipansi, “inuyo akadakufunsani, mukadaikapo chiyani?”

Che Hamdani sanaganize nthawi yaitali.

“Mzere, bwana. Anthu ataima pa mzere. Wa feteleza, wa mafuta, wa ku chipatala, uliwonse. Ndikadauzunguliza m'mbali mwa khobidi monsemu, kuti pasaoneke poyambira kapena pothera. Aliyense akadalizindikira kuti ili ndi lathu.”

Ana anaseka chifukwa anaona kuti akulu akuopa kuseka. Bwanayo analembanso kanthu, mzere umodzi wautali.

Belu lisanalire, Che Hamdani anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anamasula kansalu kamene kanali pansi pa chitini, n'kutulutsa khobidi lakale la teni tambala, lakuda ndi ukalamba, lojambulidwa ngala za chimanga. Limeneli sanalipereke kuti liyende m'mizere. Analigwira okha, n'kuyenda nalo pakati pa ana.

“Ili anandipatsa ndi bambo anga tsiku limene ndinkapita kukayamba ntchito ku esiteti. Anati ndikagule chakudya pa njira. Ndinayenda ndi njala, sindinagule. Atamwalira ndinalipeza m'thumba la kabudula wanga wakale.” Analipukuta ndi chala. “Ili lokha sindilinena. Pali chimanga. Amene anajambula ili ankadziwa kuti tikadzuka m'mawa timaganiza chiyani.”

Anakulunganso kansaluko, n'kuyamba kutolera makobidi awo. Atawerengera ndi maso anapeza kuti kadzidzi palibe. Anapezeka m'kamwa mwa mwana wina wa kumbuyo.

Galimoto ya bwana itangotuluka pa geti, a Nelson anandiitanira mu ofesi. Anandifunsa ngati ndili ndi ana, ngati ndimaifuna ntchito, ndiponso ngati m'dera lonse la Santhe munasowa munthu wina wachikulire wodziwa kutseka pakamwa. Sabata yonse tinkadikira kalata. Njinga yamoto iliyonse ikaima pa sukulu, a Nelson ankatuluka atamanga tayi. Mayi Zuleka atamva zimene amuna awo ananena, anakatenga chitini ku golosale n'kuchikwirira m'thumba la chimanga, nati apolisi akabwera adzanena kuti munthuyo samudziwa, amangogona nawo nyumba imodzi.

Lachiwiri lotsatira galimoto ija inaima pa khonde la telala. Ine ndinali pa golosale pomwepo, ndikugula sopo. Akabaza anakankha njinga zawo n'kusendera chapatali, koma osati patali poti sangamve. Bwana uja anatsika ndi jumbo yakuda m'manja. Che Hamdani anasiya kupalasa makina, n'kukonza kofiya.

“Mwandipeza, bwana. Ndikatsanzike kaye kunyumba?”

Bwanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

“Mathalauzi atatu awa andithina m'chiuno. Akuti inu mumatha kuwonjezera osaoneka.”

Che Hamdani anawatulutsa m'jumbomo, n'kuyamba, monga mwa nthawi zonse, kupisa m'matumba. Bwanayo anaseka koyamba. Anati asavutike, wapisamo kale, ndipo chimene anapezamo wabwera nacho. Anatulutsa khobidi loyera limene anabwera nalo ku China komwe anapita ku maphunziro a masabata awiri. Linali ndi duwa.

Che Hamdani analiyang'ana nthawi yaitali.

“Dziko lalikulu chonchija, anthu osawerengeka, n'kuikapo duwa? Amenewa ndi oopsa, bwana. Munthu amene alidi ndi mphamvu sajambula mkango.”

Bwanayo anati zimene ananena za mzere zija anakawafotokozera anzake ku ofesi, ndipo mmodzi anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno, koma asadzazinenenso pamaso pa ana. Che Hamdani analonjeza, dzanja lili pa chifuwa, ndipo ine ndinadziwa kuti akunama. Mathalauzi anatha Lachinayi. Dalaivala atabwera kudzatenga, Che Hamdani anamuuza kuti akawauze bwana kuti matumba awakulitsako pang'ono ngakhale sanapemphedwe, poti munthu wa udindo wotero matumba osaya samukwanira. Sindikudziwa ngati dalaivalayo anakanena. Kalata ku sukulu sinabwere, ndipo a Nelson anayamba kuuza anthu kuti ganizo loitana telala linali lawo.

Zaka zotsatira makobidi anayamba kusowa m'kaunjika. Che Hamdani ankati azungu asauka, ine n'kuwauza kuti masiku ano amalipira ndi makadi ndi mafoni ngati ife tomwe. Anati ndiye kuti dziko lapansi likutha, chifukwa pa foni sungajambulepo ngakhale mbozi. Nthawi yomweyo maso awo anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankangopempha mayi Zuleka kuti awalowetsere ulusi pa singano m'mawa uliwonse. Kenako anayamba kusoka mongopapasa, ndipo palibe amene analimba mtima kuwauza kuti mizere yawo yayamba kukhota. Anthu ankangolandira zovala zawo, kuthokoza, n'kukavala choncho.

M'zaka za ng'alazo dalaivala wina anawapatsa khobidi la ku Mozambiki. Analipapasa, kuliyandikiza pa diso, n'kulengeza kuti pajambulidwa nkhokwe. Kwa zaka ziwiri aliyense wokhala pa benchi ankamva za nzeru za anthu a ku Mozambiki, amene anadziwa kuti chuma cha dziko ndi nkhokwe yodzaza. Ankati akadakhala wachinyamata akadasamukira komweko.

Chaka chatha mwana wawo Maimuna, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anamva kuti kwabwera madokotala a maso, n'kudzawatenga. Che Hamdani anakana masiku atatu, akuti munthu sangakupale diso ngati mbatata iwe n'kuonanso. Mayi Zuleka anawalongedzera chikwama n'kuwakweza minibasi ngati katundu. Anabwerako patatha sabata, atavala magalasi akuda ngati woimba. Ine ndinapita kukawazonda tsiku limene anawavula. Anakhala pakhonde la nyumba yawo, n'kumayang'ana chilichonse: mtengo wa mango, nkhuku, ming'alu ya pa khoma. Kenako anayang'ana akazi awo, amene ankabwera ndi tiyi.

“Mayi a Maimuna, imvi zonsezi mwazitenga kuti?”

“Kwa inu,” anatero mayi Zuleka, n'kuika kapu pansi mwamphamvu. Koma sanachoke. Anakhala pa mkeka pafupi nawo, ndipo Che Hamdani anapitiriza kuwayang'ana mpaka mayiwo anafunda chitenje kumaso n'kuwauza kuti asiye zachibwana pamaso pa aphunzitsi.

Mmawa wake anatsegula makina pa golosale. Asanayambe ntchito anatulutsa khobidi la ku Mozambiki lija kuti aione bwino nkhokwe yawo. Analiyang'ana, kulipukuta, kuliyang'ananso.

“Aphunzitsi, tabwerani. Ichi n'chiyani?”

Ndinayang'ana. Inali nyumba yaitali yosanjikizana, ya mawindo ambirimbiri. Ndinafufuza pa foni n'kuwauza kuti ndi likulu la banki yawo.

“Banki,” anatero. “Zaka ziwiri ndikuwatamanda anthu amenewa. Ndipo inu nonse munkaona, osanena?”

Akabaza anati ankaopa kuwakhumudwitsa. Che Hamdani anali akukonzeka kuwayankha pamene a Levison anatulukira pa msewu, akukankha njinga yonyamula thumba la feteleza. Che Hamdani anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso awo atsopanowo anaima pa thalauzi. Mwendo wakumanja unkakwekwereza pansi, wakumanzere unalekeza pamwamba pa kakolo.

“A Levison, anakusokerani ndani zimenezi?”

“Inu. Chaka chatha, nthawi ya Khirisimasi.”

“N'kumayenda nazo choncho? Mpaka ku tchalitchi?”

“Ndimaima mopendekera pang'ono, sizioneka.”

Che Hamdani anavula kofiya, n'kuivalanso. Anatenga chitenje chimene amavindikira makina n'kuwaponyera.

“Lowani kuseri kwa golosale, muvule. Ndipo mukauze onse amene ndinawasokera chiyambire ng'ala kuti abweretse. Ndikonza ulere.”

Mwezi wonse umenewo pakhondepo panali mulu wa masiketi opendekera, malaya a kolala imodzi yaitali, ndi mayunifolomu a ana a sukulu yathu okhala ndi thumba pa mimba. Madiresi anga awiri analinso pomwepo. A Levison anakhala pa benchi tsiku loyambalo atamanga chitenje cha maluwa m'chiuno, miyendo yoonda ili pamtunda, akukana tiyi ndi samusa, n'kumafunsa mphindi iliyonse ngati thalauzi latha, poti kunali msonkhano wa akulu a mpingo thuu koloko.